Mcere Umene Suthiridwa m'Ndiwo

Lero tikamba za mankhwala ochedwa copper sulphate, amene amapezeka m'makabati a sayansi a masukulu ambiri.

Tiyambe ndi liu lakuti mcere, pakuti ngozi yoyamba yabisala m'liu limeneli. Kunyumba mcere ndi umodzi, uja amai amathira m'ndiwo. Koma anthu a sayansi amacha micere zinthu zambiri zimene zimapangika asidi akadya citsulo kapena miyala ya citsulo. Wa m'ndiwo uja ndi umodzi cabe mwa mazanamazana, ndipo yambiri mwa iyo siidyedwa. Copper sulphate ndi mcere wa mkuwa, ndipo asidi wace ndi yemwe uja ali m'mabatire a galimoto. Tsono mwana akamva mphunzitsi akunena kuti uwu ndi mcere, lilime lace limayamba kale kufuna kulawa. Aphunzitsi, musanatsegule botolo, yambani mwalongosola zimenezi.

Ngozi yaciwiri ndi kukongola kwace. Timiyala tace ndi ta buluu wowala, tonyezimira ngati maswiti a m'sitolo. Kukongolako ndiko kumaupatsa malo m'kalasi, ndipo sitinena kuti muucotsemo, pakuti umaphunzitsa zambiri. Mukausungunula m'madzi ndi kuviikamo msomali watsopano, m'mphindi zowerengeka msomaliwo umavala covala cofiirira: mkuwa watuluka m'madzimo ndi kumata pa citsulo. Mukatenthetsa timiyalato pa moto wocepa, mtundu wa buluu umatha ndipo pamatsala ufa woyera, cifukwa m'magalamu 100 ali onse a timiyalato, magalamu 36 ndi madzi obisika amene moto umawathamangitsa. Donthezanipo madzi, buluu uja abweranso, ndipo ufawo umatentha.

Kwa ife a m'Zambia mcere umenewu suli mlendo. Ku mafakitale oyenga mkuwa ku Copperbelt, monga ku Mufulira, mapale a mkuwa wosayera amawamiza m'mathanki a madzi a copper sulphate osakaniza ndi asidi, napititsamo magetsi. Mkuwa umacoka pa phale limodzi ndi kukamata pa linzace uli woyera kotheratu, zonyansa zitatsala pansi. Alimi nawonso amaudziwa. M'zaka za m'ma 1880, ku Bordeaux m'dziko la France, eni minda ena anali kuwaza mcerewu wosakaniza ndi laimu pa mipesa ya m'mphepete mwa mseu, kuti odutsa aope kuthyola mphesa. Katswiri wa zomera, Millardet, anaona kuti mipesa yowazidwayo sinali kugwidwa matenda a nkhungu monga inzace. Mankhwala ochedwa Bordeaux mixture, amene amapopera pa tomato, mbatatesi ndi khofi, anayamba motero. Koma taonani, eni minda aja anasankha mcerewu podziwa kuti suyenera kulowa m'kamwa.

Kodi cimacitika nciani munthu akaumeza? Poyamba m'kamwa mumamveka kukoma kwa citsulo, kum'mero ndi m'mimba mumaocha, kenaka amasanza kwambiri, ndipo masanziwo kawirikawiri amakhala a buluu kapena obiriwira. Ena amatsegulanso m'mimba. Kale madotolo anali kupatsa anthu mcerewu dala kuti asanze, koma analeka ataona kuti mankhwalawo okha anali kupha odwala.

Apa ndipo pofunika kumvetsetsa, cifukwa ndipo pamene akulu ambiri amanyengeka. Mwana akasanza nakhala phee, timaganiza kuti coipa catuluka, tim'lole agone. Iai. Mkuwa umene walowa kale m'magazi umagwira nchito yace mwakacetecete. Umaswa tizigawo tofiira ta magazi, umaononga ciwindi ndi impso. Zizindikilo zace zimadza patapita tsiku limodzi, awiri kapena atatu: maso acikasu, mkodzo wakuda kapena wocepa, kufooka kwakukulu. Pa nthawi imeneyo nchito ya dotolo yakula kale. Magalamu 10 kufikira 20, ndiwo masupuni a tiyi awiri kapena atatu, angathe kupha munthu wamkulu. Mwana wa Giredi 4, amene thupi lace ndi laling'ono, safunika wocuruka cotero kuti adwale kowopsa.

Cifukwa cace, mwana akameza mcerewu kapena madzi ace, m'cukucitseni m'kamwa ndi madzi oyera alavule, ndipo ngati ali maso ndi wokhoza kumeza, m'patseni madzi pang'ono amwe. Musam'pise cala kum'mero, musam'mwetse madzi a mcere wa m'ndiwo kuti asanze. Kusanza kokakamiza kumaochanso m'mero kaciwiri. Pitani naye ku cipatala kapena ku kiliniki nthawi yomweyo, angakhale akuseka ndi kunena kuti ali bwino. Nyamulani botolo lija kuti a cipatala awerenge okha dzina la mankhwalawo. Ndipo inu ana, mnzanu akalawa mobisa, kapena inu eni mukalawa, nenani msanga. Mphunzitsi wanzeru sayamba ndi kukalipa pa nthawi yotere, pakuti mwana woopa cikwapu amabisa, ndipo maola obisawo ndiwo amene dotolo anali kuwafuna.

Diso nalo ndi losacedwa kuonongeka. Kambulu kamodzi kapena dontho limodzi likagweramo, musatikite. Pendeketsani mutu kuti diso lovulalalo likhale m'munsi, kuti madzi asayenderere kulowa m'diso linzace, ndipo thirani madzi oyera mosalekeza kwa mphindi 15, zikope ziri zotsegula. Mphindi 15 ndi nthawi yaitali kuposa mmene muganizira. Wina ayang'ane koloko. Mukatha, pitani ku cipatala. Pa khungu, sopo ndi madzi zikwanira, koma mwana amene ali ndi bala kapena cironda pa dzanja angoonerera tsiku limenelo.

Zambiri mwa ngozi izi zimathera pa kasungidwe. Botolo likhale lotseka, lolembedwa dzina ndi liu lakuti POIZONI, m'kabati ya loko, kii ali ndi mphunzitsi. Musathire konse madzi a buluu amenewa m'botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi, ngakhale kwa ola limodzi. Pa sukulu yosowa zipangizo ciyeso cotero ncacikulu, tidziwa, koma mwana waludzu sawerenga kapepala komata pa botolo limene walizolowera. Makapu, masupuni ndi mapoto a kukhichini asalowe m'phunziroli, ndiponso ndowa ya malata siyenera, pakuti mcerewu umaidya monga unadyera msomali uja. Kupima ndi kusungunula ndi nchito ya mphunzitsi. Kutenthetsanso ndi kwa mphunzitsi yekha, pafupi ndi zenera lotsegula, ndipo ufa ukangoyera aucotse pa moto, cifukwa moto ukapitirira muyeso umatulutsa utsi wa asidi wopweteka m'cifuwa. M'kalasi musadyedwe kanthu, ngakhale cimanga cokazinga ca m'thumba la yunifomu, kufikira onse atasamba m'manja.

Pali cizolowezi cimodzi cimene ine sindigwirizana naco: kulola ana kupita kunyumba ndi timiyala timene akuza pa ulusi m'kalasi. Mwanayo afuna kuonetsa amace, ndipo nkoyenera kuti anyadire nchito yace. Koma kunyumba kuli kamng'ono kace kokwawa, kamene kamaika m'kamwa ciri conse conyezimira. Werengani timiyalato, titsekereni m'botolo loonekera mkati, makolo adzaone pa tsiku la msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi.

Nanga madzi otsala? Musawataye m'ngalande, m'dimba, pafupi ndi citsime kapena m'dziwe la nsomba. Nsomba zimafa ndi mkuwa wocepa kwambiri m'madzi, ndipo nkhosa nazo sizipirira mkuwa monga ziweto zina. Anthu a ku Chingola akumbukira mwezi wa November 2006, pamene madzi a asidi ndi mkuwa ocokera ku mgodi analowa mu mtsinje wa Mushishima ndi kufika mu Kafue: madzi anasintha mtundu, nsomba zinafa, ndipo madzi a m'mipope anayamba atsekedwa. Kapu imodzi ya m'kalasi siingafanane ndi zimenezo, koma kadziwe ka sukulu nako sikali Kafue. Thirani madziwo m'mbale ya galasi kapena ya pulasitiki, ikani m'kabati yokhoma, muwaleke aume okha. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri mudzapeza timiyala ta buluu pansi pa mbaleyo. Tibwezereni m'botolo, kalasi ya caka camawa idzagwiritse nchito.