MATOPE ATHU, IMFA YA ANA A MPASA

Ambirife kuno ku Mzimba sitinaonepo mpasa wamoyo. Komabe nsomba imeneyi moyo wake uli m'manja mwathu. Kodi zimenezi zitheka bwanji, ife tili kumtunda, nyanja ili kutali? Tiyeni tione.

Mpasa amabadwira mu mtsinje

Mpasa ndi nsomba yaikulu ya m'nyanja ya Malawi ndi mitsinje yake, ndipo sapezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi. Amakulira m'nyanja, koma saswera m'menemo. Mitsinje ikadzaza ndi mvula, amakwera mitsinje ngati Linthipe, Bua, Dwangwa ndi North Rukuru. Madzi akayera m'nyengo yachisanu, amaikira mazira pa timiyala, pa malo osaya pamene madzi akuyenda. Tiana take timakhala mu mtsinje miyezi ingapo tisanatsikire ku nyanja. Sanjika, mbale wake wamng'ono, amachitanso chimodzimodzi.

Tsono mvula yogwa kumwera kwa boma lathu siithera pompano. Mitsinje ya Luwelezi ndi Milenje imathira mu Dwangwa. Chimene tachita kumtunda chimakafika kumunsi.

Matope amapha bwanji?

Tikadula mitengo, tikatentha tchire, tikalima mpaka m'mphepete mwa mtsinje, dothi limakokoloka. Dothi limeneli limakatseka mipata ya pakati pa timiyala tija. Mazira amafuna mpweya wobwera ndi madzi oyenda. Akakwiririka amabanika ndi kuola. Tiana toswedwa kale timavutika kupuma, ndiponso sitiona chakudya m'madzi avundu. Tizilombo tokhala pansi pa miyala, timene ndi ndiwo yake, timatha. Pamene mitengo yatha, dzuwa limatenthetsa madzi, ndipo madzi ofunda amasunga mpweya wochepa.

Katupe ndi mankhwala a m'munda otsukidwira mu mtsinje sasankha: amapha mayi, mwana ndi dzira lomwe. Lamulo la za nsomba la 1997 limaletsa kupha nsomba ndi chiphe.

Matenda amagwira wofooka

Nsomba nazonso zili ndi tizilombo toyamwa pakhungu ndi mopumira mwake. Nsomba yathanzi imalimbana nato, koma kamwana kofooka ndi njala ndi madzi oipa sikachedwa kufa.

M'chaka cha 2020, ku Mchinji, kumtunda kwa Bua, kunabuka nthenda yotulutsa zilonda pa nsomba. Imayamba ndi nguwi ya m'madzi, imakonda nyengo yozizira, ndipo imafala ndi madzi, maukonde ndi nsomba zosamutsidwa. Ngakhale maiko olemera anaziona: ku Norway, kuyambira m'ma 1970, kachilombo kolowa ndi mbewu ya nsomba yochokera kunja kanatha pafupifupi ana onse a nsomba yotchedwa salmon m'mitsinje yambiri. Nsomba imeneyi nayonso imakwera mitsinje kukaswa.

Udindo wathu

Mtsinje ndi chuma cha tonse. Dothi lopha mazira kumunsi ndi chajila chomwe chachoka m'munda mwathu. Msodzi akulira, mlimi akuliranso. Choncho:

1. Tisiye mitengo ndi bango m'mbali mwa mtsinje.
2. Tilime mizere yopingasa potsetsereka ndi kubzala vetiva.
3. Tisatsukire mabotolo a mankhwala kapena mapampu mu mtsinje.
4. Tileke katupe ndiponso kuwedza ndi maneti a udzudzu.
5. Mbewu ya m'madamu athu tiitenge kumene alangizi a nsomba atiuza, ndipo tikaona nsomba za zilonda tiwadziwitse msanga.
6. Tipemphe mafumu ndi makhansala athu kuti malamulo oteteza mitsinje azitsatidwa mopanda tsankho.

Tikambirane m'mphakati

(a) Kodi mtsinje wa kwathu umathira kuti? Ndani akumwa madzi ake kumunsi?
(b) Akuluakulu atiuze: nsomba ziti zinalimo kale zimene lero sitiziona?
(c) Ndi ntchito iti imodzi imene tiyambe mvula isanagwe?