Kusonkhanitsa Kanema wa Zimbale Zingapo pa Chimbale Chimodzi

Pa Manjawira, m'boma la Ntcheu, m'mbali mwa mseu waukulu wopita ku Blantyre, monganso pa misika ina yambiri m'dziko muno, alipo mabanja amene akusunga zimbale zitatu kapena zinayi pansi pa sutikesi: china cha chinkhoswe, china cha ukwati, china cha kwaya, mwina chinanso cha gule wa ngoma. Ena mwa akuluakulu amene amaoneka akuvina m'menemo adatsogola kale, ndipo chimbale chikangokalika, nkhope zao ndi mau ao zimapita nacho. Nchifukwa chake kuli kwanzeru kusankha zigawo zofunika ndi kuziika pamodzi pa chimbale chatsopano cha DVD zakalezo zisanafe.

Zimbale za kanema zili za mitundu iŵiri. VCD, imene idatuluka m'chaka cha 1993, imasunga kanema wa mphindi pafupifupi 80. DVD idayamba kugulitsidwa ku Japan m'chaka cha 1996, ndipo imanyamula magigabaiti 4.7, ndiko kuti katundu woposa wa ma CD asanu ndi imodzi, kapena maola aŵiri a chithunzi chooneka bwino.

Mmisiri amayamba wakopera chimbale chilichonse m'kompyuta. Pa VCD kanema amakhala m'chikwatu cholembedwa MPEGAV, pamene pa DVD amakhala m'chikwatu cha VIDEO_TS. Akatero amadula zigawo zimene mwini wake waloza, nazindandalika. Apa mwini zimbale asachoke, pakuti mmisiri sadziŵa kuti nkhalamba imene yangodutsa kamodzi pa chithunzi ndiye agogo amene banja lonse likufuna. Pambuyo pake pulogaramu yonga Nero imasandutsa zigawo zonse kukhala za mtundu umodzi, imapanga tsamba loyamba la maina posankhira, ndipo chimbale chimaotchedwa.

Anthu ambiri amakhumudwa pa chinthu chimodzi. Amayesa kuti kanema wa pa VCD akafika pa DVD aziŵala koposa kale. Sizitero ai. Chithunzi cha VCD chili ndi timadontho 352 m'litali ndi 288 m'lifupi, pamene cha DVD chili ndi 720 ndi 576. Kompyuta imangotambasula timadontho tochepa tija, siionjezera zimene kamera sidajambule. Choipa koposa ndi kukakamiza mmisiri kuti athinikize maola asanu kapena asanu ndi limodzi pa chimbale chimodzi pofuna kupulumutsa ndalama. Zimatheka ndithu, koma ovina ngoma akayamba kudumpha, chithunzi chimasweka kukhala timabokosi, ndipo munthu sazindikirika. Kuli bwino kugula zimbale ziŵiri.

Chimbale chochokera kwa abale a ku Johannesburg sichivuta, chifukwa South Africa ndi Malaŵi onse amatsata njira ya PAL. Chochokera ku America chimatsata NTSC, ndipo chiyenera kutembenuzidwa chisanasakanizidwe ndi zinzake.

Tsono zimbale za oimba ndi ochita zisudzo zili ndi lamulo lake. Kanema wa ukwati wa kubanja ndi nkhani ina, koma kutola nyimbo za oimba osiyanasiyana ndi kuzigulitsa pa chimbale chimodzi popanda chilolezo ndiko kudya thukuta la wina. Bungwe la COSOMA, limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1992, ndilo limayang'anira zimenezi, ndipo lamulo la 1989 lidaloŵedwa m'malo ndi lina m'chaka cha 2016.

Chimbale cha DVD-R chimaotchedwa kamodzi kokha, sichifufutika, choncho mwini wake achiyese pa makina oonetsera asanalipire. Zimbale zakale asazitaye, ndipo popeza masiku ano ambiri amaonera kanema pa foni, apemphe kuti zigawo zomwezo amuikirenso pa fulashi. Chatsopanocho achisunge m'chikwama chake, kutali ndi dzuŵa, pakuti utoto wa m'kati mwake umafwifwa ndi kutentha.