Msana ukuwawa, koma ekisire ikuti zonse zili bwino

Mu msika wa Lilongwe, anyamata osenza matumba a mbatata ndi amayi okhala tsiku lonse pa benchi ya tomato amadandaula chinthu chimodzi: msana. Ena anajambulitsa ekisire, n'kuuzidwa kuti mafupa ali bwinobwino. Kunyumba abale amanong'onezana kuti ndi ulesi, ena amati walodzedwa.

Ululu supangika pabala penipeni. Mitsempha imanyamula uthenga kudzera mumsana kukafika ku ubongo, ndipo ubongo ndiwo umagamula kuti pakuwawa motani. N'chifukwa chake munthu wodulidwa mwendo amatha kumva kuwawa kuchala chimene kulibenso.

Makina a MRI athandiza kuona zimenezi. Mtundu wina, fMRI, umaonetsa kumene magazi akuthamangira mu ubongo. Munthu akamva kuwawa, mbali zingapo zimadzuka pamodzi, kuphatikizapo zokhudza mantha ndi nkhawa.

Mu 2004, gulu la Vania Apkarian ku Northwestern University ku Chicago linapeza kuti odwala msana kwa nthawi yaitali anali ndi minofu yotuwa ya ubongo yochepa ndi 5 mpaka 11 pa 100 iliyonse poyerekeza ndi anzawo. Mu 2012 gulu lomwelo linatsatira kwa chaka chathunthu anthu amene msana unangoyamba kuwavuta. Amene ululu unawakanirira anali aja amene mbali za ubongo zokhudza maganizo zinkalumikizana kwambiri kuyambira pachiyambi. Bala limatha kupola, ubongo n'kumalizabe belu.

Kuno kwathu MRI yoyamba inafika ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre mu 2008, pofufuza malungo a mu ubongo mwa ana, osati msana wa wosenza katundu. Ndipo fMRI ndi chida cha ofufuza. Singaweruze ngati munthu mmodzi akunama kapena ayi.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi mabrufeni ndi indosidi amene anthu amameza tsiku ndi tsiku. Akamwedwa miyezi yambiri amatha kuyambitsa zilonda za m'mimba ndi kuwononga impso, pomwe ululu wopitirira miyezi 3 nthawi zambiri umafuna zina: mafizo, kuyenda pang'onopang'ono m'malo mogona chigonere, tulo tokwanira, ndi kuchepetsa mantha.

Koma msana ukamawawa pamodzi ndi kutentha thupi, kuwonda kapena kufooka kwa miyendo, musachedwe ndi za pabenchi. Ikhoza kukhala TB ya msana, ndipo imafuna chipatala msanga.