Pa malire a Angónia anthu amauzana, asilikali amadikira kalata

Amene anayendapo pamsewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu akudziwa kuti m'malo ambiri msewuwo ndiwo malire: kum'mawa kwa phula ndi Malawi, kumadzulo kwake ndi Mozambique, m'maboma a Angónia ndi Tsangano. Pa Lizulu mlimi amatsitsa matumba a kachewere ochokera m'munda wa tsidya lina, ndipo m'foni mwake muli masimukhadi a mbali zonse ziwiri, a Movitel kapena Vodacom ndi a Airtel kapena TNM. Ng'ombe zikabedwa usiku m'tsinde mwa phiri la Domwe, pofika m'mawa achibale a ku Dedza amakhala atamva kale, pakuti Angoni ndi Achewa a mbali ziwirizi amakwatirana ndi kuikirana maliro, ndipo mzere umene Angelezi ndi Apwitikizi anagwirizana mu 1891 sunawasinthe chilankhulo. Omwe amachedwa kumva ndi anthu amene amalipidwa kuti azimva msanga: asilikali, apolisi a m'malire, a zolowa ndi zotuluka, ndi akazitape a maboma awiriwa. Masiku ano pali makompyuta olumikizana amene angathetse kuchedwaku, ndipo mayiko athu ayenera kuwagwiritsa ntchito. Koma chimene chingasankhe ngati ntchitoyo yaphula kanthu si mtengo wa makina, ndi mgwirizano wolembedwa wonena uthenga woyenera kuwoloka malire, woyenera kuuona, ndi umene suyenera kuwoloka ngakhale pang'ono.

Kuchedwaku kumachokera m'maphunziro enieni a usilikali. Msilikali amaphunzitsidwa kuti uthenga umakwera kwa mkulu wake, sudumphira pambali. Wapolisi wa pa chipata cha Calómuè akaona chokayikitsa amauza mkulu wake ku Ulongué, wa ku Ulongué amauza likulu la chigawo mumzinda wa Tete, ndipo nkhani ikakhudza dziko lina mwambo wake ndi woti ifike kaye ku Maputo, mtunda woposa makilomita 1,500, isanawolokere ku Lilongwe n'kutsikanso mpaka ku Dedza, komwe mwini uthengayo akanatha kufikako wapansi. Ngakhale m'dziko limodzi lomwelo, asilikali a FADM, apolisi a PRM, a zolowa ndi zotuluka a SENAMI ndi akazitape a SISE, aliyense ali ndi buku lake ndi bwana wake. Lole ya ozembetsa anthu siyembekezera zonsezi. M'mwezi wa Malichi 2020, pa sikelo ya magalimoto ya Mussacama m'boma la Moatize, m'kontena yochokera ku Malawi munapezeka mitembo ya anthu 64 a ku Ethiopia, ndipo 14 okha ndi amene anatuluka amoyo. Mu Okutobala 2022 manda obisika a anthu oganiziridwa kuti ndi ochokera ku Ethiopia komweko anapezeka m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba. Njira ya ozembetsa anthuwa ndi imodzi, koma zidutswa za nkhani yake, nambala ya galimoto uku, dzina la dalaivala uko, zimakhala m'mabuku a maofesi amene saonetsana.

Anthu ambiri akamva za makompyuta olumikizana a asilikali amaganiza kuti ndi nkhokwe imodzi yaikulu mmene magulu onse amakhuthulira zinsinsi zawo. Sizitero, ndipo palibe mkulu wa asilikali amene angavomere zimenezo. Gulu lililonse limasunga zake m'makina ake, koma limatsegula khomo limodzi loyang'aniridwa, ndipo podutsa pakhomopo uthenga umalembedwa m'ndondomeko imene onse anagwirizana: chachitika n'chiyani, pamalo ati, nthawi yanji, wachiona ndani, ndipo watsimikiza motani. Malo amalembedwa m'manambala a GPS, chifukwa m'dera ngati ili midzi ya dzina limodzi imapezeka mbali zonse za malire, ndipo wina amalemba malipoti ake m'Chipwitikizi, wina m'Chingelezi. Uthenga uliwonse umaikidwa chizindikiro chosonyeza oyenera kuuwerenga, umabisidwa kuti woubera panjira asaumve, ndipo makina amalemba dzina la aliyense amene wautsegula ndi nthawi yake. Ukafika, umaoneka ngati kadontho pa mapu amene mkulu wa ku Ulongué ndi mnzake wa ku Dedza akuona pa nthawi imodzi. Apolisi anayamba kale kuchita zofanana ndi izi kudzera pa netiweki ya Interpol yotchedwa I-24/7, mmene amafufuzira magalimoto obedwa ndi ziphaso zotayika.

Ngakhale mayiko olemera anaphunzira izi ndi magazi. Pa 14 Epulo 1994, kumpoto kwa Iraq, ndege ziwiri zankhondo za Amereka zinawombera mahelikopita awiri a Amereka omwewo, n'kupha anthu 26. Ndege yoyang'anira mlengalenga inkadziwa kuti mahelikopitawo ali m'deralo, koma owomberawo sanauzidwe, ndipo mbali ziwirizo zinkalankhula pa mawailesi osamvana. Uthenga unalipo, unangokhala m'manja olakwika. Ku Afghanistan mayiko a NATO anatha zaka zambiri aliyense ali ndi netiweki yake, mpaka mu 2010 pomwe anamanga yapakati imene aliyense analumikizako yake popanda kutaya ulamuliro pa zinsinsi zake. Kwathu kuno phunziro lili ku Cabo Delgado. Zigawenga zinayamba ku Mocímboa da Praia mu Okutobala 2017, zinaukira Palma mu Malichi 2021, ndipo mu Julayi chaka chomwecho kunafika asilikali a Rwanda ndi a SADC. A Rwanda anagwira Palma ndi Mocímboa da Praia, a SADC anagwira madera monga Macomia ndi Nangade, a FADM ali ponseponse. Ofufuza ambiri a nkhondoyi analemba kuti magulu atatuwa sankauzana mokwanira, ndipo zigawenga zothamangitsidwa m'dera lina zinkatulukira kwina, ku Mecula m'chigawo cha Niassa kumapeto kwa 2021 ndi ku Ancuabe mu 2022.

Wina anganene kuti zonsezi ndi maloto chifukwa Malawi ndi Mozambique ali ndi mbiri yokayikirana, ndipo sakunama. Mu Seputembala 1986 Samora Machel, Robert Mugabe ndi Kenneth Kaunda anapita ku Blantyre kukaloza chala Kamuzu Banda kuti akusunga Renamo, ndipo Machel anaopseza kuti aika mizinga m'malire. Kamuzu anakana. Anthu a ku Angónia ndiwo anasenza pamutu nkhondo ya pakati pa Renamo ndi boma la Mozambique, miyandamiyanda n'kuthawira ku Dedza ndi Ntcheu pa nthawi imene Malawi inasunga othawa nkhondo okwana pafupifupi miliyoni imodzi. Koma mbiri yomweyi ikuonetsanso kuti kukayikirana kumanenepa pomwe palibe njira yotsimikizira chimene mnzako akunena. Kumapeto kwa 1986 mayiko awiriwa anasainirana mgwirizano wa chitetezo, ndipo mu 1987 asilikali a Malawi anayamba kulondera njanji ya ku Nacala. Pambuyo pa mtendere wa ku Rome wa pa 4 Okutobala 1992, asilikali a Botswana analondera msewu wa Tete pansi pa United Nations. Mu Disembala 1993, pa Operation Bwezani, apayoniya ambiri a ku Malawi anathawira ku Mozambique, ndipo nkhani ya kumene ali ndi zida zimene anatenga inavutitsa maboma awiriwa kwa nthawi ndithu. Kukhulupirirana sikubwera kaye kuti kuuzana kutsatire. Kumamangidwa pamene uthenga wa mnzako wapezeka woona kakhumi.

Chodandaula chachiwiri ndi cha kuwukhira kwa zinsinsi. Amereka atakhumudwa ndi zauchifwamba za pa 11 Seputembala 2001, zimene zinaonetsa kuti mabungwe awo ankabisirana, anatsegula makomo mopitirira muyeso, ndipo mu 2010 msilikali mmodzi wa udindo waung'ono ku Iraq anakopera zikalata zachinsinsi mazanamazana a zikwi n'kuzipereka ku WikiLeaks. Yankho lake ndi kuyamba ndi zinthu zimene palibe amene aluzapo kanthu zikadziwika tsidya lina: galimoto yokayikitsa, ng'ombe zobedwa, mfuti yotayika, mtsinje wosefukira, komanso kudziwitsana kuti asilikali athu akhala akuyendera dera lakuti mawa, kuti magulu awiri onyamula mfuti asakumanizane mumdima aliyense akuyesa mnzake chigawenga. Mapulani a nkhondo ndi mayina a akazitape akhale kwawo.

Chodandaula cholemera kuposa zonse chimachokera kwa anthu wamba, ndipo sichiyenera kuyankhidwa mwachidule. Kwa munthu wa m'mapiri a Tete, malire amene boma silikuwaona bwino akhala populumukira kangapo. Mu 2015 ndi 2016, pamene asilikali a boma ndi a Renamo anayambanso kumenyana m'chigawochi, anthu pafupifupi 10,000 anathawira ku Kapise m'boma la Mwanza, ena n'kusamutsidwira ku msasa wa Luwani ku Neno, ndipo ambiri a iwo ankanena kuti akuthawa asilikali a boma lawo lomwe. Kukanakhala netiweki yotumiza mayina ndi zithunzi za aliyense wowoloka, anthu amenewa akanaperekedwa m'manja mwa omwe ankawathawa. Mantha amenewa ndi oona, ndipo n'chifukwa chake malamulo ayenera kubwera makina asanabwere. Netiweki ya asilikali izinyamula zochitika, osati kaundula wa anthu. Mayina a opempha malo obisala akhale kwa ofesi zoona za othawa kwawo ndi UNHCR, monga malamulo a dziko lonse lapansi amafunira, ndipo dzina la munthu liziwoloka pokhapokha pali mlandu wolembedwa ndi chilolezo cha khoti. Popeza makina amasunga mbiri ya aliyense amene watumiza kapena kutsegula uthenga, makomiti a chitetezo a nyumba zamalamulo za mayiko awiriwa apatsidwe mphamvu yoona mbiriyo. Kunena zoona, kunong'onezana pafoni pakati pa akuluakulu awiri, kumene sikusiya phazi lililonse, n'koopsa kwa wothawa kuposa uthenga umene woutumiza akudziwa kuti tsiku lina adzafunsidwa.

Apa ndi pamene pagwera mtsutso wa amene amati WhatsApp ikukwanira. N'zoona kuti akuluakulu a mbali ziwirizi amadziwana ndipo amaimbirana, koma ubale wotere umachoka ndi munthu akasamutsidwa, ndipo umadalira netiweki ya makampani a mafoni. Pa zionetsero zotsatira chisankho cha mu Okutobala 2024, intaneti ya pafoni inkadulidwa ku Mozambique, pa nthawi yomwe malole a mafuta a Malawi ankavutika kudutsa. Njira ya achitetezo iyenera kukhala ndi wailesi zolankhulirana zakezake ndi magetsi a dzuwa, chifukwa tsiku limene ikufunika kwambiri ndilo tsiku limene zina zonse zazima. Namondwe Ana atafika mu Januwale 2022, mtsinje wa Revúboè, umene umatsika kuchokera m'mapiri omwewa, unagumula mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize. Mvula yogwa kumtunda imaoneka kwa anthu a m'malire maola angapo madzi asanafike kumunsi.

Mabungwe apamwamba alipo kale. SADC inatsegula likulu lochenjeza za ngozi za chitetezo ku Gaborone mu 2010 ndi lolimbana ndi zauchifwamba ku Dar es Salaam mu 2022, ndipo Malawi ndi Mozambique ali ndi komiti yokhazikika ya chitetezo imene nduna ndi akuluakulu a asilikali amakumanako. Chosowa ndi chapansi. Komitiyo ingayambe ndi zipata zitatu, Calómuè ndi Dedza, Biriwiri, ndi Zóbuè ndi Mwanza, n'kupatsa akuluakulu a m'maboma chilolezo cholembedwa chotumizirana mitundu yochepa ya uthenga mwachindunji, malikulu akungolandira kope. Pa chipata chilichonse pakhale anthu odziwa Chipwitikizi, Chingelezi ndi Chichewa, ndipo mvula isanayambe chaka chilichonse pazichitika kuyesa: uthenga wongopeka utumizidwe usiku kuchokera ku Ulongué, n'kuwerenga mphindi zimene watenga kuti wa ku Ntcheu auyankhe. Chiwerengero chimenecho chiziperekedwa ku nyumba zamalamulo ku Maputo ndi ku Lilongwe pamodzi ndi bajeti ya chitetezo.