Keïta: Katswiri wojambula amene ankadalira dzuwa

Masiku ano aliyense amene ali ndi foni m'thumba ndi wojambula. Komatu ambiri akadzijambula dzuwa lili paliwombo, maso amalowa m'maenje akuda, chipumi n'kumanyezimira ngati adzola mafuta a nsatsi. Kenaka mlandu amaukankhira foni, chonsecho vuto ndi komwe kuwala kukuchokera.

Nkhani imeneyi adaidziwa kalekale ndi Seydou Keïta wa m'dziko la Mali. Mkuluyu, yemwe adali mwana wa kalipentala, adalandira kamera ya Kodak Brownie kwa amalume ake m'chaka cha 1935, ndipo mu 1948 adatsegula situdiyo pakhomo pawo mumzinda wa Bamako.

Kunena kuti situdiyo n'kungolemekeza chabe, chifukwa ntchito yambiri inkachitikira pabwalo. Magetsi ojambulira adali nawo, ndipo makasitomala ena ankakonda kubwera usiku poti chithunzi cha pagetsi chinkawayeretsa khungu. Iye ankakonda kuwala kwa dzuwa.

Pamenepa Keïta sadalakwitse. Kuwala kofewa kochokera m'mbali kumasiya kamthunzi pa tsaya limodzi, ndipo kamthunziko ndi kamene kamatulutsa mphuno, milomo ndi chibwano. Getsi lowomba kumaso limafafaniza zonsezi, nkhope n'kungoti papasa ngati mbale. Pakhungu lakuda kusiyanaku kumaonekera kwambiri.

Kumbuyo kwa wojambulidwa ankapachikako nsalu. Zaka zoyambirira idali nsalu yoyala pabedi pake penipeni, kenaka adayamba kusintha n'kumaikako zamaluwamaluwa. Mayi atavala chovala chamawangamawanga n'kukhala patsogolo pa nsalu yamawangamawanganso, wina angaganize kuti payenera kukhala chisokonezo. Koma pazithunzi zake, zomwe zidali zopanda mitundu, nsalu ziwirizo zimasakanikirana, diso la woona n'kuthamangira pamene palibe mawanga: nkhope ndi manja.

Munthu sankamuimika chilili ngati msilikali. Ankamutembenuza phewa pang'ono, kumupendeketsa mutu, n'kumukonza manja mpaka zala. Wosowa chodzitamira ankamubwereka wailesi, wotchi, magalasi, ngakhale njinga yamoto ya Vespa. Zonsezi zinkayenera kutheka asadadine, pakuti filimu idali yodula ndipo kasitomala aliyense ankamujambula kamodzi kokha. Filimu ikatsalako, ankadzijambula yekha kapena ndi banja lake.

M'chaka cha 1962 boma la Mali lidamulemba ntchito yojambula, ndipo posakhalitsa situdiyo idatsekedwa. Zithunzi zake zina zidakaonetsedwa ku New York mu 1991, koma zopanda dzina la mwiniwake. André Magnin wa ku France ndiye adalondola mapazi mpaka kukamupeza ku Bamako, atasunga bwinobwino manegetivi zikwizikwi. Keïta adamwalira ku Paris m'chaka cha 2001, zithunzi zomwe ankajambulira pabwalo paja zili m'makoma a nyumba zachionetsero ku Ulaya ndi ku America.