Kupima mitembo m'zipatala kukuzilala

Ntchito yopima mtembo wa munthu womwalira m'chipatala, abale atavomera, yatsika kwambiri. Ku America m'zaka za m'ma 1960 pafupifupi theka la omwalira m'zipatala ankapimidwa. Lero sakwana 10 pa 100 alionse. Kutsikaku kudakula kuyambira mu 1971, pamene bungwe la Joint Commission lidasiya kukakamiza zipatala kupima chiwerengero choikika. Ku Britain mu 2013 opimidwa sadakwane 1 pa 100.

Zifukwa n'zingapo. Ntchitoyi imadya ndalama, madokotala ake ndi ochepa, ndipo ambiri amaganiza kuti makina a CT ndi MRI amaona zonse. Komanso chikhulupiriro chidaonongeka. Mu 1999 zidaululika kuti chipatala cha ana cha Alder Hey ku Liverpool chinkasunga ziwalo za ana makolo osadziwa. Lamulo la Human Tissue Act la 2004 lidakonza za chilolezo, koma madokotala ambiri adangoleka kupempha.

Chimene chikutayika ndi chachikulu. Popima mtembo, kachidutswa ka ubongo, chiwindi kapena mapapo kamaviikidwa mu formalin kuti kasawole, kenaka kamakutidwa m'phula, ndipo kamakhala zaka makumimakumi. Mu 1997 wofufuza Jeffery Taubenberger adapeza zizindikiro za kachirombo ka chimfine cha 1918 m'tizidutswa totere ta asilikali.

Kuno kwathu umboni wa kufunika kopima mitembo ulipo. Kuyambira mu 1996, ofufuza otsogozedwa ndi Terrie Taylor ndi Malcolm Molyneux pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ankapima mitembo ya ana oganiziridwa kuti afa ndi malungo a muubongo. Mu 2004 adalengeza kuti mwa ana 31, ana 7 adaphedwa ndi matenda ena. Kafukufukuyo adasonyezanso kuti kuunika mkati mwa diso kumathandiza kuzindikira malungo enieni a muubongo, mwana akadali moyo.

Njira yatsopano yotenga tizidutswa ndi singano popanda kung'amba thupi, imene yayesedwa ku Manhiça ku Mozambique, ikulandiridwa bwino ndi anamfedwa, chifukwa sichedwetsa maliro. Komabe singano siona zonse. Pakufunika kuphunzitsa madokotala opima, kusamala malo osungira, ndi kubwerera kwa abale kukawauza zomwe zapezeka. Zimenezi zikalephereka, tidzapitiriza kulemba zifukwa za imfa mongoganizira, ndipo odwala amene akubwera adzalandira mankhwala olakwika.