Kamera Inaona, Koma Anafunika Mboni

Aliyense amene anakhalapo pabwalo la milandu kumudzi adziwa kuti wodandaula akatha kufotokoza, nduna za mfumu zimayamba ndi funso lakuti, "Kodi analipo ndani?" Ngati panalibe munthu, mau a uyu amayesedwa ndi mau a uyo, ndipo kawirikawiri olemera amakhala mau a munthu waudindo. Nanga ngati wolakwayo ndi wapolisi, amenenso nchito yake ndi kulemba zimene zacitika? Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. M'maiko ambiri anthu omenyedwa ndi osunga lamulo akhala akubwerera kwao ndi mabala okha, ndipo bala silichula dzina la amene analipereka.

Nkhani ziwiri za ku America zitionetsa cimene cimacitika pamene munthu wamba ali ndi kamera m'manja.

Pa 3 Marichi 1991, pakati pa usiku patapitirira pang'ono, bambo wina wokonza mipope ya madzi, George Holliday, anadzutsidwa ndi phokoso la helikopita ndi magalimoto a apolisi ku Lake View Terrace, mumzinda wa Los Angeles. Anali atangogula kamera ya vidiyo ya Sony. Anatuluka nayo pakhonde la nyumba yake nayamba kujambula zimene zinali kucitika kutsidya kwa mseu. Apolisi anali atazinga munthu wakuda wa zaka 25, Rodney King, ndipo ena mwa iwo anali kum'menya ndi zibonga ndi kum'ponda ndi nsapato iye ali pansi. Zibongazo zinam'tera koposa 50, ndipo anathyoka mafupa a kumaso ndi a kumwendo.

Tisabise mau: King sanali wopanda cifukwa. Anali atamwa mowa, anathawa apolisi pa liwiro lalikulu, ndiponso anali atakhalapo m'ndende pa mlandu wa umbanda. Koma Mpingo sutiphunzitsa kuti ulemerero wa munthu ndi mphotho ya khalidwe labwino. Wolakwa ayenera kumangidwa ndi kuweruzidwa, osati kupunthidwa ngati mapira pamseu.

Holliday anayamba wafunsa ku polisi, koma kumeneko sanam'labadire. Pamenepo anapereka tepi yake ku wailesi ya kanema ya KTLA, ndipo m'masiku owerengeka dziko lonse lapansi linali litaona. Apolisi anai, Stacey Koon, Laurence Powell, Timothy Wind ndi Theodore Briseno, anazengedwa mlandu. Anthu ambiri anati basi, mlandu watha, cifukwa umboni woposa pamenepa sungapezeke.

Apa ndipo pali phunziro lowawa la nkhaniyi. Mlandu unasamutsidwira ku Simi Valley, dera lokhala azungu ambiri, ndipo mwa anthu wamba 12 amene anasankhidwa kuti augamule munalibe wakuda ndi mmodzi yemwe. Maloya a apolisi sanakane kanemayo, iai. Anailandira ndi manja awiri. Anaiyendetsa pang'onopang'ono, kuiimitsa cithunzi ndi cithunzi, nabweretsa akatswiri oti afotokoze ciliconse. King akatukula mwendo, iwo anati onani, afuna kudzuka kuti amenyane. Akagubuduka ndi ululu, anati onani, akukana kumvera. Anaonetsanso kacigawo koyambirira, kosaoneka bwino, kamene mawailesi ambiri anali atadula, koonetsa King akuthamangira kumene kunali Powell. Cimene munthu aliyense anaciona ngati nkhanza ciri cathunthu, cinasanduka mndandanda wa tizigawo, kalikonse ndi cifukwa cake. King mwini sanaitanidwe kukapereka umboni. Pa 29 Epulo 1992 apolisiwo anapezeka osalakwa, kupatula mfundo imodzi yokhudza Powell imene ogamulawo analephera kugwirizana.

Los Angeles inayaka moto kwa masiku 6. Anthu oposa 50 anafa, oposa 2,000 anavulala, ndipo katundu wa madola pafupifupi biliyoni imodzi anaonongeka. Ambiri mwa amene anafa ndi amene anataya masitolo ao analibe mbali iriyonse pa zimene zinam'citikira King.

Caka cotsatira boma lalikulu la America linatsegula mlandu wina, wa kuphwanya ufulu wa munthu. Kanema inali yomwe ija, koma tsopano King anaima yekha pamaso pa bwalo nafotokoza zimene thupi lake linamva. Koon ndi Powell anapezeka olakwa ndipo anapatsidwa miyezi 30 m'ndende, pamene anzao awiri anamasulidwa. Mu 1994 bwalo linalamula kuti King alipidwe madola 3.8 miliyoni.

Tepi ya Holliday inadzutsanso maganizo ena. Mu 1992 woimba wa ku England, Peter Gabriel, pamodzi ndi anzake anayambitsa bungwe la WITNESS, dzina limene tanthauzo lake ndi mboni. Poyamba linali kugawira makamera kwa anthu oteteza ufulu wa anzao m'maiko osiyanasiyana. Pambuyo pake linaona kuti kamera yokha sikwanira, ndipo linalimbikira kuphunzitsa: kuonetsa malo ndi tsiku, kusunga kanema yoyamba osaidula, ndi kubisa nkhope za anthu amene angaikidwe m'mavuto cifukwa ca kuonekamo.

Papita zaka 29, kamera ija inali italowa m'lamya ya m'manja. Pa 25 Meyi 2020, mumzinda wa Minneapolis, mtsikana wa zaka 17, Darnella Frazier, anali kuperekeza kamsuweni kake ka zaka 9 ku sitolo. Anapeza apolisi atagoneka pansi George Floyd, amene anam'ganizira kuti wagula fodya ndi ndalama yacinyengo ya madola 20. Mtsikanayo analowetsa mwana uja m'sitolo, iye nabwerera, natulutsa lamya yake. Wapolisi Derek Chauvin anagwada pakhosi pa Floyd kwa mphindi zoposa 9, Floyd akudandaula kuti akulephera kupuma, mpaka anakhala cete. Dzanja la mtsikanayo silinatsike.

Cikalata coyamba cimene apolisi anatulutsa cinangonena za munthu amene anadwala pamene anali kum'gwira, namwalira ku cipatala. Za bondo pakhosi munalibemo. Pakadapanda mtsikana uja, mwina mau amenewo ndiwo akadakhala mbiri ya imfa ya Floyd. Pa 3 Juni caka comweco Papa Fransisko anachula dzina la Floyd poyera, nati sitingatseke maso pa tsankho kwinaku tikunena kuti timateteza kupatulika kwa moyo wa munthu.

Mlandu wa Chauvin mu 2021 unasiyana ndi wa ku Simi Valley pa cinthu cimodzi cacikulu: kanema sinasiyidwe yokha. Amene anaimirira pamseu tsiku lija anabwera mmodzimmodzi kudzalumbira, mpaka kamwana ka zaka 9 kaja. Madokotala anafotokoza mmene mpweya umathera m'thupi. Mkulu wa apolisi a mumzindawo, Medaria Arradondo, anaima natsutsa wapolisi wake yemwe, cinthu cosaoneka kawirikawiri. Pa 20 Epulo 2021 Chauvin anapezeka wolakwa pa mfundo zonse zitatu, ndipo pambuyo pake anapatsidwa zaka 22 ndi theka.

Lero ambiri a ife, ngakhale ana athu a sukulu, tiri ndi kamera m'thumba imene Holliday sakadailota. Lamulo lacisanu ndi citatu la Mulungu, loletsa umboni wonama, limafika mpaka m'thumbamo. Kanema yodulidwa pakati, kapena ya caka cina ndi dziko lina yotumizidwa ngati ya dzulo, ingaphetse munthu wosalakwa, kaya ndi wapolisi kaya ndi munthu wamba. Ndipo kutumiza cithunzi kwa anthu cikwi nkwapafupi kusiyana ndi kukaima pamaso pa woweruza mmodzi, kuchula dzina lako, ndi kunena kuti ndinalipo ndine. Makolo amene angauze mwana wao kuti ayambe waona ngati ali pamalo otetezeka asanatulutse lamya, sitingawaimbe mlandu wa mantha.

Umboni uli ndi mtengo wake. Darnella Frazier analandira ulemu wapadera wa Pulitzer mu 2021, koma m'bwalo la milandu sanalankhule ngati munthu wopambana. Analira. Anati akaona Floyd amaona bambo ake, alongo ake ndi amalume ake, ndiponso kuti pali masiku amene amacezera usiku akupepesa kwa womwalirayo cifukwa sanacite zambiri kuti am'pulumutse.